Chipinda cha Kuseri kwa Akalipentala

Aphunzitsi amene anatiphunzitsa kulemba chimangirizo tili Fomu 3 tinkawatcha a Gwiradzanja, ndipo dzinali anadziputira okha tsiku loyamba lomwe. Analowa m'kalasi atanyamula thumba, n'kukhuthulira patebulo nsapato zakutha zokhazokha: za abambo, za amayi, za ana, zina zopanda zinzake. Kenako anamasula tayi yawo n'kudzimanga nayo m'maso.

"Kuyambira lero ine ndine wakhungu," anatero. "Wofuna malikisi kwa ine andigwire dzanja. Aliyense asankhe nsapato imodzi mumtima, aifotokoze papepala, andiwerengere. Ndikaipeza ndi manja angawa, wakhoza."

Woyamba kuwerenga anali mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene tinkamutcha Loya chifukwa cha pakamwa pake. Iye anati nsapato yake inali yokongola kwambiri ndiponso yabwino zedi. Aphunzitsi anapapasa patebulo ponse, n'kutola dasitala, n'kuikweza m'mwamba.

"Iyi?"

Tinaseka mpaka aphunzitsi a masamu a kalasi yoyandikana anabwera kudzagogoda.

Ine ndinalemba za nsapato imene chidendene chake chinadyeka mbali imodzi, ngati mwini wake ankayenda mopendekera kumanzere. Ndinati m'kati mwake munali kachidutswa ka katoni kotsekera bowo, ndipo chingwe chake chinaduka n'kulumikizidwa ndi mfundo yaikulu. Sanachedwe nayo. Anaitola, anamasula tayi ija, n'kufunsa kuti walemba ndani. Nditakweza mkono anandiyang'ana nthawi yaitali. Chiyambire sukulu panalibe mphunzitsi amene anandiyang'anapo choncho, chifukwa ine ndinali wa pakati: wosakhoza kwambiri, wosalephera kwambiri, wosavuta.

Musandimve molakwika, panalibe zachibwana. Ndinkawakonda monga mwana amakondera munthu wamkulu woyamba kumuuza kuti ali ndi kanthu m'mutu. Ndipo ankadziwa kuphunzitsa, zimenezo sindingawalande ngakhale lero. Mawu oti "chokongola", "chabwino" ndi "kwambiri" anawathamangitsa m'kalasi mwathu ngati nkhuku zolowa m'nyumba. Ukalemba kuti kumsika kunali fungo, ankakutumiza panja kuti ukanunkhize khoma mpaka ubwere ndi dzina la fungolo. Tsiku lina anatitengera kukhitchini ya sukulu kuti tikamvere phokoso la mapoto, tsiku lina kwa mlonda kuti tikaone mmene amapindira jekete lake popanga pilo. Akabweza mapepala, m'mphepete monse munkakhala mafunso a cholembera chofiira. Anzanga ankadandaula kuti pepala labwera likutuluka magazi. Ine ndinkawerenga mafunsowo mobwereza, ndipo pepala likabwera ndi ochepa ndinkakhumudwa.

Chaka chomwecho n'chimene achemwali anga anathawa kwa amuna awo.

Alamu anali ndi galaja kumbali ina ya tauni. Ukawaona pa anthu ukanati achemwali anatola mwayi: oseka, aulemu, ogwada popereka moni kwa amayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achemwali ankabwera kwathu atavala za manja aatali ngakhale kunja kukutentha, ndipo achibale akamva ankangoti banja ndi kupirira. Anapirira mpaka tsiku limene alamu anawathyola mkono wamanja ndi chitsulo chokwezera galimoto. Atatuluka m'chipatala sanabwererenso. Anatenga mwana wawo, amene anali atangoyamba kumene kuyenda, n'kuzimiririka.

Amene tinkadziwa kumene anali tinali awiri okha, amayi ndi ine. Amayi sankapitako, chifukwa alamu ankawazonda pamsika pamene ankagulitsa zovala zakale. Choncho Loweruka lililonse wopita ndinali ine. Ndinkalowa mumsika kudzera ku nsomba, n'kutulukira ku zitsulo nditasintha bulauzi, kenako n'kukwera basi. Ulendo wina ndinaona mmodzi wa antchito a kugalaja akunditsatira, ndipo ndinamuzunguliza m'mabenchi a tomato mpaka anatopa yekha. Pakamwa panga panali potseka. Ngakhale Loya, amene ankatha kukusolola mawu ngati ulusi wa juzi, sanamvepo kanthu kwa ine.

Chigawo chachiwiri chili pakati, a Gwiradzanja analemba mutu pabolodi: "Chipinda chimene ndimapitako koma sindigonamo." Anzanga anasankha kalasi, tchalitchi, wina chipinda cha agogo ake. Ine ndinayesa kulemba za sitolo ya pafupi ndi kwathu, koma cholembera chinkangouma. Chipinda chimene chinali m'maso mwanga chinali chimodzi chokha.

Ndinalemba mosamala. Sindinatchule dzina la munthu, la msewu kapena la dera. Achemwali ndinawatcha "mayi wina". Ndinalemba za matiresi oyalidwa pa makatoni, ndi chingwe chodutsa pakona choyanikapo matewera. Ndinalemba za tebulo la miyendo yosalingana pamene mayiyo ankasitira zovala za anthu a pafupi, akugwira simbi ndi dzanja lamanzere chifukwa mkono wamanja sunkawongoka bwino. Ndinalemba za chitseko chotsekedwa ndi loko, ndi mpando wotsamiritsidwa kuseri kwake, ndiponso kuti mayiyo akamagona ankaika nsapato zake ndi za mwana kumutu kwa matiresi, osati kumiyendo.

Pepala linabwera litafiira m'mphepete. Pamwamba analemba kuti, "Ndalowa, koma ndili m'bokosi. Chipinda chimenechi chilibe windo? Ndikumva chiyani panja? Mphuno yanga ikulandira chiyani m'mawa? Lembanso."

Ndinalembanso ndi mtima wonse. Loweruka lotsatira ndinaima pawindo la achemwali nthawi yaitali, mpaka anandifunsa ngati ndaona chibwenzi panja. Ndinalemba za macheka amagetsi amene ankalira kuseri kwa khoma, pabwalo la akalipentala opanga mabedi ndi mabokosi a maliro pamalo amodzi. Ndinaikamo ndi nthabwala yawo yoti makasitomala awo onse ndi ogona, kusiyana kwake n'kwakuti ena amadzuka. Ndinalemba za fungo la buledi wopserera lochokera ku bekari ina yapafupi, losakanikirana ndi la utuchi. Ndinalemba za tchalitchi chosatha kumanga chimene chinkaonekera pawindopo, chopanda denga, mitengo itamera m'kati mpaka kusuzumira pamwamba pa makoma.

Ulendo uno sanabweze pepala langa m'kalasi. Anandiitana pa nthawi yopuma. Ndinawapeza atakhala pabenchi kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi, njinga yawo yamoto ili pambali, pepala langa lili pabondo.

"Khala apa," anatero. "Ukudziwa kuti zaka zonse zimene ndaphunzitsa, sindinawerengepo chimangirizo chonga ichi?"

Mutu unakula. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuziyo imakhala isakudziwa.

"Chatsala chimodzi," anapitiriza. "Wowerenga wako wagwa kuchokera kumwamba? Walowa bwanji m'chipindamu? Unditsitse basi, undigwire dzanja, tiyende mpaka pakhomo. Ukatero ndiye kuti chapsa."

Apo ndinakayika, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke bwino, chifukwa pali anthu amene pambuyo pake anandinena kuti ndinali wopusa. Ndinawauza. Ndinati, "Aphunzitsi, mwini wake wa chipindachi safuna kuti anthu adziwe pamene ali. Anakumana ndi mavuto."

"Ndaona kale," anayankha motsitsa mawu. "Munthu woika nsapato kumutu si wa mtendere. Ukuganiza kuti sindiwerenga? Tamvera, usatchule dzina la msewu. Mlembi weniweni safuna mayina, amafuna maso. Ndipo pepala ili ndi la iwe ndi ine basi. Silipita pabolodi, silipita kwa ahedi, ngakhale mkazi wanga saliona. Kodi ndinayamba ndakunamizapo?"

Anali asanandinamizepo. Choncho ndinalemba. Ndinawatsitsa basi pa mlatho wa anthu oyenda pansi. Ndinawadutsitsa pa wometa amene anakhoma galasi lake pamtengo. Ndinawawolotsa ngalande pa chitseko chakale cha galimoto chimene anthu anachisandutsa kamlatho. Ndinawakhotetsa kumanja pamene utuchi umayambira kumata kunsapato, mpaka pa geti ya malata imene penti inathera pakati, kumtunda kobiriwira, kumunsi dzimbiri. Ndinapereka Lachinayi. Anandipatsa malikisi amene sanaperekepo kwa munthu, koma pepala anati alisunga kaye kuti aliwerengenso bwino.

Loweruka limenelo ndinafika kwa achemwali chakum'mawa. Iwo ankasita malaya a munthu wina wogwira ntchito kubanki, akuimba chapansipansi. Masiku amenewo anali atayamba kunenepa pang'ono, ndipo eni nyumba, mayi wamkulu wa mawu ngati wa bambo, ankawapezera makasitomala atsopano. Anandiuza kuti akufuna kugula simbi yachiwiri, kuti tchuthi chikafika ndizidzawathandiza.

"Koma iwe ndi manja akowo, udzawotcha kolala ya munthu, tidzathawenso kachiwiri," anatero akuseka.

Ndinanyamula mwana n'kupita naye pawindo kuti aone akalipentala. Ankakonda phokoso la macheka, ndipo likayamba ankawomba m'manja.

Pageti panaima munthu. Anali atavala jinzi ndi sikipa, wopanda tayi, ndiye poyamba sindinamuzindikire. Anali ndi pepala m'manja, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera. Anayang'ana papepala, anayang'ana geti, anagwira ndi chala pamene penti inathera, n'kugwedeza mutu. Anali a Gwiradzanja.

Mundimvetse, chimene chinayamba kubwera mumtima mwanga chinali chimwemwe. Apeza! Ayenda ndi mawu anga okha, tauni yonseyi, mpaka afika! Ndinatsala pang'ono kugogoda pagalasi kuti andione. Kenako anatembenuka n'kukodola munthu wina amene anali kumbuyo, ndipo pageti panatulukira alamu, atavala ovolosi yawo ya kugalaja.

"Achemwali," ndinatero.

Anayang'ana nkhope yanga, osati windo. Anaika simbi pansi, anandilanda mwana, anakankhira mpando kuchitseko. Zonsezi anachita mwachangu komanso mwakachetechete, ngati munthu amene wakhala akuziyeserera tsiku ndi tsiku.

Kunja kunamveka mapazi, kenako kugogoda kofatsa.

"Mayi a mwana, tsegula. Ndine. Ndabwera ndi mtendere."

Mwana anamva mawu a bambo ake n'kuyamba kulira.

"Ndikumva mwana wangayo. Tsegula tikambirane ngati anthu. Ndabwera ndi munthu wolemekezeka, mphunzitsi. Ndingachite chiyani pamaso pa mphunzitsi?"

Mtenderewo unatha pa kugogoda kwachitatu. Anayamba kumenya chitseko ndi phazi. Loko inagwira, koma thabwa la pafupi nayo linang'ambika, ndipo mkono wa alamu unalowa mpaka m'phewa, ukufufuza. Achemwali anali atatsamira chitseko ndi msana, choncho dzanja lija linapeza tsitsi lawo. Anawakokera kubowoko mpaka mutu unagunda thabwa. Ine ndinatola simbi ija, ikadali yotentha, n'kuidinda pamkonopo. Sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono.

Kukuwa kwawo n'kumene kunaitana anthu. Eni nyumba anatuluka akutukwana mawu amene sindingawalembe pano, ndipo macheka analeka kulira. Akalipentala analumpha khoma, ena atanyamula matabwa. Anawagwira alamu mikono ndi miyendo n'kuwatulutsa pageti ngati katundu. Ali pamsewu, atagwira mkono wopsawo, anafuula kuti dera lonse limve.

"Ndapadziwa! Mawa ndibwera, mkuja ndibwera! Mudzamulondera mpaka liti?"

Ndinatuluka panja. A Gwiradzanja anali ataima patali pang'ono, pafupi ndi ngalande, pepala langa atalipinda m'manja. Pa zonse zimene zinachitikazo sanasunthe phazi, kupita kutsogolo kapena kumbuyo. Atandiona anatsegula pakamwa, ndipo ndikuganiza kuti sankayembekezera kundipeza, ngakhale kuti mutu wa chimangirizo unali wawo womwe.

"Aphunzitsi," ndinatero. Mpaka lero zimandinyansa kuti ndinawapatsabe ulemu.

"Sunayenera kuona zimenezi," anayankha. "Sanandiuze kuti achita chonchi. Anandilonjeza kuti angolankhula."

"Inunso munandilonjeza."

"Tamvera, mwana iwe. Alamu akowa ndinaphunzira nawo limodzi, takula limodzi. Munthuyu anabwera kunyumba kwanga akulira, bambo wamkulu, misozi mbwembwembwe. Miyezi yonseyi osaona mwana wake. Iwe ukadali wamng'ono, za banja sungazimvetse. Mwana amafunika bambo ake."

"Munawerenga za mkono uja."

"Ndinawerenga."

"Munawerenga za nsapato kumutu. Munati mwaona kale."

Anayang'ana m'ngalande. Pamenepo zinthu zinayamba kulumikizana m'mutu mwanga, chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chinkawawa kuposa chinzake. Wantchito wa kugalaja uja atalephera kunditsatira, alamu anafuna njira ina, ndipo anakumbukira kuti mnzawo amaphunzitsa pasukulu yanga.

"Mutu uja," ndinatero. "Chipinda chimene ndimapitako koma sindigonamo. Munaupereka kwa kalasi yonse chifukwa cha ine?"

Anatembenuza pepala lija m'manja.

"Nanga windo? Fungo? Unditsitse basi? Zonse zija anakutumani ndi alamu?"

"Ayi!" Apa anakweza mawu, ndipo anaoneka okhumudwa, ngati ndawanyoza pa ntchito yawo. "Mafunso amenewo ndikanafunsa aliyense. Ndi mafunso oyenera. Chimangirizo chako choyamba chinali chabwino, koma chachitatu ndi china. Sindinakunamize pa zimenezo. Taona, ndafika popanda kufunsa munthu njira ngakhale kamodzi. Uli ndi luso, ndipo usalole kuti za lerozi zikulepheretse."

Ndi mawu amenewo amene sindinawakhululukire. Alamu ndinkawadziwa kuti ndi chilombo, ndipo chilombo ukakumana nacho sudabwa. Koma munthu uyu anaima pamenepo, tsitsi la achemwali lili pabowo la chitseko, akundichongera chimangirizo. Ndinawalanda pepala lija. Sanakanize. Ndinafuna kuwalavulira. Anatembenuka n'kuwoloka ngalande, kutsatira mnzawo.

Nditabwerera m'chipinda, achemwali anali atayamba kale kulongedza. Pamphumi panali chotupa chachikulu. Eni nyumba anaima pakhomo akuwachonderera.

"Mwana wanga, khala. Anyamatawa akonza chitseko lero lomwe, aika chachitsulo. Abwerenso aone."

"Amayi, mwandisunga ngati mwana wanu," achemwali anatero, akupinda matewera. "Koma akalipentala amaweruka. Inu mumapita kumsika. Mwanayu adzafuna kusewera panja. Ine munthu uja ndimamudziwa."

Malaya a munthu wa kubanki aja anawamaliza kusita kaye, kolala ndi manja omwe, n'kuwapachika pamsomali kuti eni nyumba adzapereke. Simbi anaikulunga m'thaulo n'kuiika m'chikwama. Matiresi, tebulo ndi mpando anasiya.

Mkulu wa akalipentala anatitenga pa galimoto yawo yonyamulira katundu. Tinakhala kumbuyo, pakati pa miyendo ya bedi latsopano, atatifunditsa lona kuti wina asatione. Munkatentha ndipo munkanunkha vanishi. Mwana anagona. Tili m'njira achemwali anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera.

"Anakutsatira?"

"Ayi."

"Amayi anauza munthu?"

"Ayi."

"Nanga mphunzitsi uja ndi ndani?"

Ndinawapatsa pepala lija. Anakweza lona pang'ono kuti kulowe kuwala, n'kuwerenga kuyambira pa mlatho mpaka pa nsapato. Ankawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ndinawafotokozera zonse: kuti sindinatchule dzina, kuti ndinawachenjeza aphunzitsi, kuti analumbira. Ndinkafuna andikalipire, kaya andimenye kumene. Iwo anangolipinda pepalalo bwinobwino n'kundibwezera.

"Ndiye Loweruka lija unaima pawindo, unkachita zimenezi," anatero.

"Achemwali, anandinamiza."

"Ndamva. Anakunamiza."

Galimoto inaima kunja kwa depoti yaikulu, kumene mabasi opita mbali zonse amanyamukira. Mkulu uja anatsitsa chikwama. Ine ndinachinyamula kuti ndiwaperekeze, koma achemwali anagwira chogwirira chake ndi dzanja lamanzere.

"Bwerera pompano."

"Ndikukwezeni kaye. Mkono wanuwo simungathe chikwama ndi mwana."

"Nditha."

"Mukupita kuti?"

Anamangitsa nsalu imene anaberekera mwana. Sanandiyang'ane mwaukali, ndipo zikanakhala bwino akanatero.

"Amayi ndidzawauza," anatero. "Iwe ayi. Si kuti ndakwiya nawe, mng'ono wanga. Koma ndili ndi mwana."

Analowa m'chigulu cha anthu atapendekera mbali ya chikwama. Mwana anadzuka, anatembenuza mutu, n'kunditambasulira dzanja monga ankachitira akafuna kuti ndimunyamule kupita pawindo. Kenako panadutsa ngolo yodzaza matumba, ndipo itapita sindinawaonenso.

Lolemba a Gwiradzanja analowa m'kalasi atavala tayi yawo, n'kupereka moni monga mwa masiku onse. Ndinakauza ahedi zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati zimenezo ndi nkhani za m'banja, zachitikira kunja kwa mpanda wa sukulu, ndipo mphunzitsi ali ndi ufulu wofunsa mafunso pa chimangirizo. Ndinapempha kuti andisamutsire ku kalasi ina ndipo anavomera mwachangu. Kumapeto kwa chaka a Gwiradzanja analandira mphoto chifukwa ana a m'kalasi mwawo anakhoza bwino.

Achemwali ali moyo, zimenezo ndimadziwa. Mwana uja anayamba sukulu, ndipo ndinamva kuti wagweruka mano akutsogolo. Achemwali amaimba foni kamodzikamodzi, nthawi zambiri Lamlungu masana tikamachapa. Foni ikalira amayi amayang'ana nambala, amapukuta manja pansalu, n'kundiuza kuti ndipitirize kutsukuluza. Kenako amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.